Pulogalamu ya Pakompyuta Idzatha Liti, Idzadya Zingati? Mafunso ndi Mayankho

Ku Mphunzi, monga m'madera ambiri a boma la Dedza, ntchito zomwe kale zinkagwirika ndi kope ndi bolopeni zikusamukira m'foni pang'onopang'ono. Gulu la alimi a mbatatesi limafuna kudziwa amene wabweretsa matumba angati, a banki m'khonde amafuna masheya a membala aliyense azioneka poyera, ndipo komiti ya sukulu kapena ya chipatala imatopa ndi makaundula ong'ambika. Tsiku lina wina amati, "Bwanji tipeze wodziwa makompyuta atipangire pulogalamu?" Wodziwayo akafika, mafunso amakhala awiri: idzatha liti, ndipo idzadya zingati? Yankho loperekedwa mothamanga tsiku limenelo ndi lomwe limadzabala kulozana zala m'tsogolo. Mafunso otsatirawa ndi a mbali zonse ziwiri, ogula ndi opanga.

Munthu akati "ntchitoyi ndi ya miyezi itatu", amakhala akutanthauza chiyani?

Mufunseni pomwepo asananyamuke, chifukwa m'mawu amenewa mumabisala zinthu zosiyana. Amene analembapo waganyu wopalira amazidziwa bwino. Pali kukula kwa ndime, ndiye kuti mizere ingati. Pali masiku amene munthu mmodzi angawerame m'mundamo kuti aimalize. Pali tsiku lenileni lomwe ndimeyo idzathe, lomwe limadalira kuti agwira anthu angati, komanso ngati mvula kapena maliro siziimitsa ntchito. Kenako pali malipiro. Palibe mlimi amene amasakaniza zinayizi, koma zikafika pa pulogalamu, ngakhale anthu a madigiri amazisakaniza.

Kukula kwa pulogalamu ndi kuchuluka kwa zomwe izichita. Chachiwiri, chomwe akatswiri amatcha effort, ndi maola onse amene anthu athere pa ntchitoyo mukawaphatikiza. Chachitatu ndi nthawi ya pakalendala, kuyambira tsiku losaina kontrakiti kufikira tsiku lomwe mlembi wa gulu ayambe kugwiritsa ntchito pulogalamuyo. Ndalama nazo zili pawiri: zomwe wopanga awononge, ndi mtengo womwe akulipiritseni, momwe muli phindu lake, msonkho, ndipo nthawi zina kutsitsa kongofuna kupambana tenda. Palinso chimodzi chomwe chimaoneka ngati chiyerekezo pomwe ndi chikhumbo chabe. Wapampando akati "ithe tisanayambe kukumba mbatatesi", wanena tsiku lomwe akufuna. Sananene tsiku lomwe ntchito ingathe.

Chisokonezochi si cha kumudzi kokha. Mu 2006 ofufuza atatu a ku Simula Research Laboratory ku Norway, Stein Grimstad, Magne Jørgensen ndi Kjetil Moløkken-Østvold, anasanthula mabuku ophunzitsira ndi malipoti a kafukufuku pa nkhaniyi, ndipo anapeza kuti olemba ambiri sankamasulira chomwe akutanthauza akati chiyerekezo. Wina amanena maola omwe akuona kuti ntchito itengadi, wina maola omwe anaika pa pulani, wina bajeti, wina mtengo wouza kasitomala. Zotsatira zake n'zakuti mukamva kuti "pulojekiti inapitirira chiyerekezo", simungadziwe kuti inapitirira chiti.

Nanga "mwezi wa munthu" ndi chiyani? Pa koteshoni ina analemba kuti miyezi 12 ya munthu, koma akuti amaliza m'miyezi inayi.

Sananame. Mwezi wa munthu ndi muyeso wa ntchito, si wa kalendala: anthu atatu akagwira miyezi inayi, athera miyezi 12 ya munthu. Koma funsani kuti mwezi wawowo uli ndi maola angati. Barry Boehm, m'buku lake la 1981 lotchedwa Software Engineering Economics, anauika pa maola 152, atachotsa masiku a tchuthi ndi a matenda. Kampani ina imawerengera 160, ina 176. Pa miyezi 12, kusiyana pakati pa 152 ndi 176 ndi maola 288, ndipo maola amenewo amalipiridwa ndi inu.

Chenjezo lalikulu ndi lakuti masamuwa sabwerera chammbuyo. Miyezi 12 ya munthu sikutanthauza kuti anthu 12 amaliza m'mwezi umodzi. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito ya OS/360 ku IBM, anafotokoza mfundoyi m'buku lake la mu 1975, The Mythical Man-Month, kusonyeza kuti kuwonjezera anthu pa pulojekiti yochedwa kumaichedwetsanso. Obwera kumene amafunika kuphunzitsidwa ndi anthu omwe atanganidwa kale, ndipo njira zokambirana zimachuluka msanga kuposa anthuwo: anthu 3 ali ndi njira 3, anthu 6 ali ndi 15, anthu 10 ali ndi 45.

Kukula kwa chinthu chosagwirika m'manja amakuyeza bwanji?

Njira yakale ndi kuwerenga mizere ya khodi, malangizo omwe wopanga amalembera kompyuta. Vuto lake n'lakuti mizereyo imadziwika ntchito itatha, pomwe inu mukufuna yankho isanayambe. Komanso wolemba waluso angachite m'mizere 20 zomwe wophunzira achita m'mizere 100, ndiye muyesowu umatamanda wochulutsa.

Mu 1979 Allan Albrecht wa ku IBM anabweretsa njira ina, ya ma function point, yomwe imawerenga zomwe wogwiritsa ntchito aziona. Bungwe la IFPUG, lomwe linakhazikitsidwa mu 1986, ndi lomwe limasunga malamulo ake. Zinthu zowerengedwa zilipo mitundu isanu, ndipo chilichonse chili ndi mapointi ake. Pa zinthu zovuta mwapakatikati, cholowetsa chimalandira 4, lipoti lotuluka 5, kufunsa kongoona 4, nkhokwe ya zolembedwa ya m'kati mwa pulogalamu 10, ndipo nkhokwe ya pulogalamu ina yomwe yanu imawerengako imalandira 7.

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a mbatatesi la ku Mphunzi likufuna pulogalamu. Zolowetsa zilipo zisanu: kulemba membala, kulemba matumba omwe wabweretsa, kulemba malipiro ake, kulemba ngongole ya feteleza, ndi kulemba zomwe wabweza. Awa ndi mapointi 20. Malipoti atatu, la pamwezi, la angongole ndi la pakutha pa chaka, ndi 15. Mafunso awiri, monga kuona mbiri ya membala, ndi 8. Nkhokwe zitatu, ya mamembala, ya zokolola ndi ya ngongole, ndi 30. Kuwerenga zolembedwa za ndalama zotumizidwa pa foni ndi 7. Zonse pamodzi ndi 80. Ubwino wake n'kuti msungichuma wa gulu, ngakhale sanaonepo khodi, angakhale pansi n'kuwerenga nawo, ndipo angaone yekha kuti lipoti lina lililonse lomwe komiti iwonjezere likukweza nambalayo.

Palinso njira ya COSMIC, yomwe inayamba mu 1998 ndipo ili ndi nambala ya ISO/IEC 19761. Iyo imapereka pointi imodzi nthawi iliyonse yomwe uthenga walowa, watuluka, wawerengedwa kapena wasungidwa. Mapointi a COSMIC ndi a IFPUG sangaphatikizidwe, choncho koteshoni izinena njira yomwe yagwiritsidwa ntchito.

Muyesowu uli ndi malire ake, ndipo chitsanzo chili pafupi. Phiri la Mphunzi ndi gawo la dera la Chongoni, lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala. Pulogalamu yosungira mbiri ya malowa ingakhale ndi mapointi omwewo kaya malowo akanakhala 10 kapena 127, chifukwa fomu ndi imodzi. Koma kukwera phiri lililonse, kujambula zithunzi za zojambula zofiira ndi zoyera, n'kulowetsa zonsezo m'kompyuta ndi ntchito yomwe imakula ndi kuchuluka kwa malo, ndipo ma function point saiona. Chimodzimodzi ndi kusamutsa makaundula akale a gulu lanu. Ntchito imeneyo iwerengedwe payokha.

Achinyamata ambiri amanena za story point. Ndi chimodzimodzi?

Ayi. Story point ndi mgwirizano wa m'kati mwa gulu limodzi la opanga. Amasankha kantchito kamodzi n'kukapatsa, tinene, mapointi awiri, ndipo zina zonse amaziyerekeza ndi iko. Ambiri amagwiritsa ntchito njira ya planning poker, yomwe James Grenning anailongosola mu 2002: aliyense amasankha nambala yake mobisa, onse amaonetsa nthawi imodzi, ndipo wanambala yaikulu ndi wanambala yaing'ono amafotokoza zifukwa zawo. Kubisako n'kofunika, chifukwa popanda iko onse amangotsatira zomwe wamkulu wanena. Pakapita masabata angapo gululo limadziwa mapointi omwe limamaliza pa masabata awiri alionse, ndipo limatha kulosera bwino. Koma mapointi 40 a kampani ya ku Lilongwe ndi 40 a kampani ya ku Blantyre sakufanana, ndipo sayenera kulowa m'kontrakiti ngati muyeso wa malipiro.

Tadziwa kuti mapointi ndi 80. Maola ake tiwapeza bwanji?

Apa ndi pomwe nkhani yagona. Pamafunika nambala yachiwiri: pointi imodzi imadya maola angati. Ikakhala 8, ntchitoyo ndi maola 640, kupitirira pang'ono miyezi inayi ya munthu. Ikakhala 15, ndi maola 1,200, pafupifupi miyezi isanu ndi itatu. Nambala imeneyi siichokera m'masamu. Imachokera m'mbiri ya ntchito zomwe zinachitika kale, ndipo funso loyenera nthawi zonse ndi lakuti: ntchito za yani, za liti, za kuti?

Taonani COCOMO, njira yotchuka kwambiri yomwe imaphunzitsidwa m'mayunivesite. Boehm anaipanga ali ku kampani ya TRW ku America, kuchokera pa mapulojekiti 63 a zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ambiri olembedwa m'zilankhulo za kompyuta monga Fortran, COBOL ndi assembly. Mwa masamu ake, pulogalamu yosavuta ya mizere 10,000 imafuna pafupifupi miyezi 27 ya munthu ndipo imatha m'miyezi pafupifupi 9 ya pakalendala. Ya mizere 20,000 imafuna miyezi 56, kuposa kuwirikiza kawiri, chifukwa chinthu chikamakula chimavutanso. Mizere 10,000 yomweyo, ikakhala ya pulogalamu yomangika ku makina ndi malamulo okhwima, imafika miyezi 57. COCOMO II, ya mu 2000, inakonzedwanso ndi mapulojekiti 161.

Masamu ndi abwino, koma mu 1987 Chris Kemerer anawayesa pa mapulojekiti 15 a kampani ina yopanga mapulogalamu a zamalonda, ndipo COCOMO inaphonya ndi pafupifupi 600 peresenti. Sikuti njirayo inali yachabe. Inatha kusiyanitsa ntchito yaikulu ndi yaing'ono, koma manambala ake anali a kampani ina yogwira ntchito za mtundu wina. Ngati kuchoka pa kampani ina ya ku America kupita pa inzake kunabweretsa kuphonya kotero, wophunzira amene akutenga manambala a COCOMO a m'buku n'kuwaika pa pulogalamu ya foni ya ku Dedza akudzinamiza, ngakhale yankho lake litakhala ndi madesimo awiri.

Ofufuza amatenga kuti ziwerengero zomwe amagwiritsa ntchito?

Zambiri zimachokera m'timagulu tochepa, ndipo tating'ono modabwitsa. Kupatula mapulojekiti 63 a Boehm ndi 15 a Kemerer, pali 24 a Albrecht ochokera ku IBM, 81 a Desharnais ochokera ku Canada kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, 62 a Maxwell ochokera ku banki ina ya ku Finland, ndi 93 a NASA. Ambiri anasonkhanitsidwa mu nkhokwe ya PROMISE kuti aliyense azitenga kwaulere, n'chifukwa chake mayina omwewa amabwerezabwereza m'malipoti a kafukufuku mpaka lero. Palibe limodzi mwa magulu amenewa lomwe linatoleredwa ku Malawi, ndipo onse ndi akale kuposa foni ya Android.

Nkhokwe yaikulu ndi ya ISBSG, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1997 ku Australia, ndipo ili ndi mapulojekiti opitirira 10,000 ochokera m'maiko ambiri. Ndi yogula. Chomwe ndimachikonda pa iyo n'chakuti sibisa zofooka zake. Pulojekiti iliyonse imapatsidwa giredi, kuyambira A mpaka D, kusonyeza ngati ziwerengero zake n'zodalirika. Imanenanso kuti maola olembedwawo ndi a yani: a olemba pulogalamu okha, kapena kuphatikizapo owathandiza, oyang'anira makompyuta, ngakhalenso ogwiritsa ntchito. Mapulojekiti awiri ofanana angaoneke osiyana kwambiri chifukwa chongoti wina anawerenga maola a maphunziro, wina ayi. Kumbukiraninso kuti makampani amapereka ziwerengerozi mwakufuna kwawo, ndipo mwachibadwa munthu sathamangira kukaonetsa ntchito yomwe inamukanika.

Ndiye kuti kuno kwathu tilibe poyambira?

Tili napo, chifukwa mapulogalamu akhala akupangidwa m'dziko muno kwa zaka zopitirira makumi awiri, ndipo mbiri yake ikutiuza komwe maola amathera.

Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kuika makompyuta odina ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timatcha Kamuzu Central Hospital, ndipo mu 2006 pulogalamu yawo ya olandira ma ARV inayamba kugwira ntchito pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Ntchito yawo sinathere pa khodi. Anafunika kuganizira mabatire oti makompyuta asazime magetsi akathima, timakina tosindikiza timapepala tomata m'buku la kuchipatala la wodwala, ndi maonekedwe oti namwino amene sanagwirepo kompyuta adziwe podina. Mu 2011 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la JSI anayamba cStock m'maboma 6, njira yoti alangizi a zaumoyo a m'midzi azitumiza kuchuluka kwa mankhwala otsala kudzera pa uthenga wa foni wamba, ndipo kenako inafalikira dziko lonse. Uthengawo ndi waufupi, koma kuti mlangizi aliyense autumize molondola mwezi ndi mwezi panafunika maphunziro ndi kuyendera. DHIS2, yomwe Malawi anayamba kuigwiritsa ntchito mu 2012, inapangidwa ndi yunivesite ya Oslo ndipo ndi yaulere. Pamenepo ntchito yaikulu ndi kukonza mafomu ndi kuphunzitsa anthu, ndipo wowerenga mizere ya khodi angaganize kuti palibe chomwe chachitika.

Choncho wopanga pulogalamu ya ku Mphunzi aike pa pepala zinthu zomwe mabuku akale sanazidziwe. Pulogalamu yogwira ntchito popanda netiweki, n'kudzatumiza zonse netiweki ikapezeka, imavuta kwambiri kuposa yodalira intaneti, chifukwa muyenera kusankha chochita alembi awiri akasintha dzina la membala mmodzi pa mafoni awiri. Pali kuyesa pa mafoni otsika mtengo omwe anthu alidi nawo. Pali kulemba mawu onse m'Chichewa chomveka kwa agogo. Pali maulendo, ndi masiku omwe mwafika koma komiti sinakwane. Kuchokera mu 2024 palinso lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, ndipo pulogalamu yosunga mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu iyenera kukhala ndi maloko oyenera. Maloko nawo amadya maola.

Ine ndi wopanga mapulogalamu wongoyamba kumene. Ndizilemba chiyani?

Kope wamba kapena tebulo la mu Excel n'zokwanira. Musanayambe kantchito kalikonse, lembani maola omwe mukuganiza kuti katenga, ndipo nambala imeneyo musadzaifufute. Madzulo alionse lembani maola omwe mwagwiradi, muwagawe: kukambirana ndi kasitomala, kulemba khodi, kuyesa, kukonza zolakwika, kuphunzitsa, ulendo. Lembani padera masiku odikira, monga magetsi kapena yankho la wapampando, chifukwa amenewo amatalikitsa kalendala popanda kuwonjezera maola. Lembaninso chilichonse chomwe kasitomala wawonjezera pambuyo pa mgwirizano, ndi tsiku lake.

Chofunika kuposa zonse, lembani maola a usiku ndi a Loweruka omwe simunalipidwe. Ambiri amawasiya pochita manyazi kapena poganiza kuti sawerengedwa. Mukawasiya, kope lanu lidzakuuzani chaka chamawa kuti ntchito ya maola 900 inatenga 600, ndipo mudzapereka koteshoni ina yodzipweteka nokha. Musadalirenso GitHub kapena Jira pa izi: zimasonyeza tsiku lomwe mwatumiza ntchito, sizidziwa maola omwe munakhala mukuganiza.

Mukamaliza mapulojekiti asanu kapena asanu ndi imodzi, mudzakhala ndi nambala yanuyanu ya maola pa fomu kapena pa pointi, ndi ina yosonyeza kuti mumaphonya ndi zingati. Ofufuza amayeza kuphonyako motere: kusiyana kwa chiyerekezo ndi zenizeni, kugawa ndi zenizeni. Munati 600, zinatenga 900, mwaphonya ndi 33 peresenti. Muyeso wina wodziwika, PRED(25), umawerenga kuti ndi ziyerekezo zingati zomwe zinagwa m'kati mwa 25 peresenti. Zida zatsopano za AI zolemba khodi zikusintha manambalawa, n'chifukwa chakenso mbiri ya chaka chatha ya inu mwini imaposa ya zaka makumi anayi zapitazo ya munthu wina. Zidazo zimafulumizitsa kulemba, koma sizifulumizitsa komiti kugwirizana chomwe ikufuna.

Wina watipatsa nambala imodzi, wina wati "pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi". Wachiwiriyu sakudziwa ntchito?

Ine ndingakhulupirire wachiwiriyo. Boehm anasonyeza kuti ntchito ikadali ganizo chabe, zenizeni zingadzakhale kanayi kuposa chiyerekezo kapena gawo limodzi mwa magawo anayi a icho, ndipo mpatawo umachepa pokhapokha zofunika zikamalembedwa n'kugwirizanidwa. Steve McConnell anadzatchukitsa mfundoyi ndi dzina lakuti cone of uncertainty. Wonena nambala imodzi tsiku loyamba akulonjeza chomwe sangachidziwe.

Njira yosavuta ndi ya manambala atatu, yochokera ku PERT, yomwe asilikali a pamadzi a ku America anaipanga cha m'ma 1958 pa pulojekiti ya Polaris. Pa kantchito kalikonse nenani masiku ngati zonse zayenda bwino, masiku omwe mukuona kuti katengadi, ndi masiku ngati zavuta. Yapakatiyo ichulukitseni kanayi, phatikizani zonse, gawani ndi 6. Zikakhala 10, 15 ndi 38, yankho ndi masiku 18. Taonani kuti lakwera kuposa 15. Ntchito ingafulumire ndi masiku ochepa chabe, koma kuchedwa kulibe malire otero, ndiye amene amaphatikiza manambala apakati okhaokha amapeza chiwerengero chotsika nthawi zambiri.

Ngati komiti ikufunadi mtengo umodzi, igule kaye ntchito yaing'ono ya sabata kapena awiri yolemba zofunika ndi kujambula mafomu pa pepala. Pambuyo pake mpatawo udzakhala utachepa, ndipo pepalalo ndi lanu, mungalipereke kwa wopanga aliyense.

Kodi tiuze wopangayo ndalama zomwe tili nazo?

Muuzeni, koma atapereka kale maola ake. Jørgensen ndi Dag Sjøberg anasonyeza mu kafukufuku wa 2004 kuti opanga mapulogalamu akamva nambala yomwe kasitomala akuyembekezera, ziyerekezo zawo zimakokedwera kumeneko, ngakhale atauzidwa kuti asailabadire, ndipo eni ake sazindikira kukula kwa kukokedwako. Mukayamba ndi "tili ndi 2 miliyoni", mudzamva kuti ntchitoyo ndi ya 2 miliyoni. Mukamva maola kaye, mungakambirane moona mtima kuti ndi lipoti liti lomwe lidikire chaka chamawa.

Samalaninso ndi koteshoni yotsika kwambiri. Anthu asanu akapikisana, wotsikitsitsa kawirikawiri amakhala amene waiwala zambiri, ndipo zoiwalikazo zimadzatulukira pakati pa ntchito, ndalama zitatha. Kulekanitsa maola ndi mtengo kumatetezanso mbali zonse ziwiri ku kugwa kwa ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Maola a pulojekiti iliyonse sanasinthe tsiku limenelo, koma mtengo wa foni, laputopu ndi malo osungira pulogalamu pa intaneti unasintha. Kontrakiti yomwe inalemba ziwirizi padera inali yosavuta kuikonza popanda kukangana.

Timamva kuti mapulojekiti a makompyuta amadya kawiri kapena katatu kuposa bajeti. N'zoona?

Nambala yotchuka ndi ya lipoti la CHAOS la Standish Group la mu 1994, lomwe linati kupitirira kwa ndalama kunali 189 peresenti. Jørgensen ndi Moløkken-Østvold anaikayikira poyera mu 2006, ponena kuti sizinamveke bwino momwe mapulojekitiwo anasankhidwira ndi chomwe nambalayo imayeza, ndipo kafukufuku wina wa nthawi yomweyo ankapeza pakati pa 30 ndi 40 peresenti. Mu 2011 Bent Flyvbjerg ndi Alexander Budzier anasanthula mapulojekiti 1,471 n'kupeza kuti kupitirira kwapakati kunali 27 peresenti, koma pulojekiti imodzi mwa 6 alionse inapitirira ndi pafupifupi 200 peresenti. Kwa gulu laling'ono, choopsa ndi imodzi imeneyo. Mankhwala ake ndi kugawa ntchito m'zigawo zazing'ono, chilichonse chogwira ntchito pachokha, n'kulipira chigawo chikaoneka chikugwira pa foni ya mlembi wanu.

Komiti yathu ikumana sabata yamawa. Tipemphe chiyani kwa opikisana?

Pepala limodzi lokhala ndi mayankho olekanitsidwa: mndandanda wa mafomu ndi malipoti omwe awerengera, maola a ntchito m'manambala atatu, anthu angati ndi tsiku lomaliza, mtengo, ndi zomwe sizili m'katimo, makamaka kulowetsa makaundula akale, maphunziro, ndi kukonza zovuta za chaka choyamba. Pansi pake afotokoze komwe atenga nambala ya maola. Akati "ndinapangapo yofanana nayo", apempheni akuonetseni zomwe anayerekeza nthawi imeneyo ndi zomwe zinatengadi. Wongoyamba kumene amene alibe mbiri anene choncho, ndipo mpata wa manambala ake ukhale waukulu. Pamenepo palibe chochititsa manyazi.

Kwa aphunzitsi a ku UNIMA, MUBAS, MUST ndi Mzuni, ndikupempha kuti wophunzira aliyense azipereka kope la maola pamodzi ndi pulojekiti yake ya chaka chomaliza. Kwa a ICTAM, bungwe la akatswiri a zamakompyuta, ndikupempha kuti aganizire zosonkhanitsa ziwerengero zotere kuchokera ku makampani a m'dziko muno, mayina atachotsedwa, kuti wopanga wa mawa akhale ndi manambala a kuno. Ndipo inu a komiti, musasaine kontrakiti musanalandire pepala limenelo.